Fulasiki Yopanda Kanthu

Mayi amenewa aliyense ankangowatchula kuti Azakhali. Anthu a mumsewu mwawo, anzawo a kuntchito kumalo ochapira ndi kusita zovala, ngakhale bwana wawo weniweniyo, onse Azakhali, Azakhali, ngati kuti munthu mmodzi angakhale zakhali wa tauni yonse. Mwana wobereka okha analibe. Amene anali ndi ufulu weniweni wowaitana choncho anali mmodzi yekha, mtsikana wa mlongo wawo, ndipo iyeyo anali kutali, kudziko lina, komwe ankagwira ntchito m'fakitale yosoka nsapato.

Mlongo wawoyo, Akalipentala, anawagoneka m'chipatala ndi chotupa cha pakhosi. Mkazi wawo anamwalira kale, ndiye wodwazika anali Azakhali basi. Tsiku lomwelo mtsikana uja anaimba foni.

"Azakhali, kuno tchuthi amapereka kamodzi pachaka. Ndikabwera pano, sindibweranso mpaka chaka chamawa, zivute zitani. Ndiye inu mukhale maso anga. Ngati akuchira ndidikira, ndidzabwere atatuluka, ndidzawasamale kunyumba. Koma mukaona kuti zikuipa, chonde musandibisire. Ndikufuna ndidzawapeze akulankhula."

"Mtima pansi, mwanawe," anatero Azakhali. "Bambo akowa ndinawabereka kumsana ine, mamina ndikuwapukuta ndi chala changachi. Ndingalephere kudziwa akamadwala zenizeni?"

Analonjeza ndi mtima wonse, ndipo sankanama. Azakhali za mankhwala sankazidziwa, zolankhula za madokotala zinkangowadutsa m'makutu, koma anali ndi sikelo yawoyawo imene ankaikhulupirira kuposa makina onse a m'chipatala. Ankati wodwala akamadya, manda amadikira. Ndipo chakudya chimene chikanadutsa pakhosi potupa chinali chimodzi chokha, msuzi.

Koma msuzi wa Azakhali, abale inu! Usaganize za madzi ofiira aja amene ena amatenthetsa mothamanga n'kumati aphika. Iwo ankadzuka mbandakucha, kuyatsa mbaula pakhonde, n'kuika mafupa a ng'ombe m'poto wamkulu wa madzi ozizira. Ozizira, osati otentha. Ankati wothira madzi otentha pamafupa ndi mlesi, amatseka fupa pakamwa lisananene zimene lili nazo. Poto akayamba kubwata ankachepetsa makala, n'kuima pamenepo ndi chipande kuyengula thovu, kuyengula, kuyengula, mpaka madzi atayera. Kenako anyezi wathunthu, karoti, adyo pang'ono, kachidutswa ka jinja. Zikapsa zonse ankazinyenya n'kusefa pansalu yoyera, chifukwa pakhosi pa mlongo wawo sipakanadutsa ngakhale kambewu ka tomato. Tsiku lina wa nkhuku, tsiku lina wa dzungu wothira mkaka. Wa nyemba ndiye unkawadyera nthawi, popeza ankasenda khungu la nyemba iliyonse ndi zala, atakhala pampando wamfupi, msana ukuwawa. Wogulitsa nyama wa pakona ankawasungira mafupa okhala ndi mafuta m'kati, ndipo ankawaseka kuti, "Azakhali, ng'ombe zonse za m'tauni muno zithera m'fulasiki mwanu."

Nthawi yoona odwala ya m'mawa inali yaifupi, ndipo iwo ankafunika kukafika kuntchito zovala za anthu zisanaunjikane. Ankalowa m'wodi ya amuna ali wefuwefu, kuika fulasiki pakakabati ka pambali pa bedi, kuwagwira mlongo wawo pachipumi.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Ndikuthirireni?"

"Usiyeni uzizireko kaye, achemwali. Inu pitani, mungachedwe. Mukudziwa kuti ine sindidya munthu akundiyang'ana."

Zimenezo zinali zoona. Kuyambira ali mwana, Akalipentala ankatenga mbale yawo n'kutembenukira kukhoma, ndipo atakula ankadyera kuseri kwa matabwa m'shopu mwawo. Choncho Azakhali sanadabwe. Ankapita kukasita malaya a anthu tsiku lonse, nthunzi ya simbi ikuwatentha kumaso, maganizo ali kuchipatala. Madzulo akabwerera, chinthu choyamba sichinali moni ayi. Ankanyamula fulasiki n'kuigwedeza pafupi ndi khutu. Inkakhala yopepuka, ili zii, yopanda ngakhale dontho. Mtima wawo unkakhala m'malo.

Pabedi loyandikana panali mdala wina amene anamwino ankamutchula Alonda, chifukwa moyo wake wonse ankalondera mashopu a anthu. Anali ndi bala pamwendo lokana kupola, ndipo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe wobwera kudzamuona. Azakhali akangolowa, mdalayo ankakoka bulangeti mpaka m'makutu n'kuyang'ana kumbali. Iwo ankangoti ndi mwano wa ukalamba, ndipo sanavutike naye.

Chinawasangalatsa kwambiri n'chakuti mlongo wawo anayamba kudandaula. Wodwala akayamba kudandaula za chakudya, ndiye kuti lilime lauka!

"Mchere munaumana lero, achemwali. Kodi wakwera mtengo?"

"Onani munthu wosayamikayu! Mawa ndikuthirirani paketi yonse."

"Koma wa dzungu uja, aaa, muphikenso. Ndipo mawa muikemo katsabola."

Azakhali anaomba m'manja. "Tsabola? Inu? Munthu amene mukangomva tsabola kwa aneba mumayetsemula mpaka misozi?"

"Matenda amasintha lilime," anatero Akalipentala ndi mawu awo osasa aja, akumwetulira.

Madzulo amenewo Azakhali anaimba foni asanatuluke n'komwe pageti la chipatala. "Mwanawe, ukhale phee kumeneko, ugwire ntchito. Bambo ako akumaliza fulasiki yonse, mpaka ayamba kupempha tsabola!"

"Zoona, Azakhali? Koma pafoni mawu awo akumveka ngati akuchepa."

"Ndi mankhwala amenewo, amauma kukhosi. Ine ndikuwaona ndi maso tsiku lililonse. Usawononge tchuthi chako, udzabwere atatuluka."

Ankawaonadi ndi maso, ndipo apa ndi pamene pamapweteka. Ankaona kuti wotchi ya pamkono yayamba kutsetsereka mpaka m'chigongono. Ankaona masaya akulowa m'kati, ndi botolo la diripi limene silinkachoka pamtengo wake. Koma akafuna kuchita mantha ankagwedeza fulasiki, fulasiki n'kuwauza kuti zonse zili bwino. Ankadziuza kuti thupi limachoka mothamanga koma limabwerera mokwawa. Sabata ndi sabata mtsikana uja ankafunsa, ndipo sabata ndi sabata ankamuyankha chimodzimodzi kuti akudya, dikira.

Tsiku lina chakumasana magetsi anazima kuntchito. Simbi zonse zinazizira, makina ochapira anaima ndi madzi m'mimba. Bwana atadikira n'kutopa anati aliyense azipita. Azakhali anaganiza zokadutsa kuchipatala, mwina akapeze mlongo wawo ali maso acheze nawo mosathamanga. Sinali nthawi yoona odwala, koma namwino wa pakhomo ankawadziwa, ndipo anangowakodola kuti alowe mwakachetechete.

Anaima pakhomo la wodi, kuseri kwa nsalu yotchinga, n'kumaonerera zimene zinkachitika.

Akalipentala anali atatsamira pilo, atagwira kapu ya msuzi ndi manja onse awiri pansi pa mphuno. Maso anali otseka. Ankakoka nthunzi ija pang'onopang'ono, kuikoka, kuikoka, koma milomo sinakhudze kapu. Kenako anatambasula mkono n'kupereka kapuyo kubedi linalo.

"Imwani usanazizire, Alonda. Koma musathamange, muzindiuza."

Mdala uja anapsontha kamodzi n'kusinkhasinkha kaye ngati munthu woweruza mlandu.

"Lero ndi wa nkhuku. Poyamba pakubwera anyezi, wotsekemera, ngati anamuwotcha kaye pamakala. Kenako katsabola kaja kakugogoda kumapeto kwa lilime. Ukamatsika ukutenthetsa chifuwa chonse, mpaka m'mimba muno ngati wina wandifunditsa bulangeti m'kati."

"Nanga jinja?"

"Alimo, koma wabisala."

Akalipentala anaseka, kuseka kopanda mawu. "Ndi achemwali amenewo. Amabisa jinja kuyambira kalekale, ati ine ndisadziwe. Imwaninso." Ndipo pamene mdalayo ankameza, pakhosi pa Akalipentala pankayendanso, kumeza zopanda kanthu.

Azakhali magazi anawira. Sanadziwe n'komwe kuti afika bwanji pabedipo.

"Asa! Mdala wopanda manyazi iwe! Ine kudzuka nkhuku zisanalire, kusenda nyemba imodziimodzi, kuti ndizinenepetsa iwe? Kudya chakudya cha munthu wodwala, ulibe mtima?"

Anatsomphola kapu ija, msuzi n'kukhutukira pansi, kufalikira mpaka kunsi kwa bedi. Wodi yonse inatembenuka. Alonda ndevu zinali noninoni ndi mafuta, maso ali pansi.

"Pepani, amayi. Ine ndinakana poyamba. Mulungu akundiona, ndinakana."

"Achemwali," anatero Akalipentala. "Achemwali, khalani pansi. Asiyeni awa, alibe mlandu. Ndipatseni madzi ali apowo, ndi supuni."

Azakhali anawapatsa, akupumabe mwaukali. Akalipentala anatunga madzi theka la supuni, kuika m'kamwa, n'kuyesa kumeza. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, maso anafiira. Madzi aja anabwerera onse, ena kudzera m'mphuno, ndipo anatsokomola mpaka thupi lonse linapindika. Atapuma, anadzipukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu yofunda.

"Mwaona? Pakhosi panatseka kalekale, m'masiku oyambirira omwe aja. Chikundisunga ndi botolo lapachikidwali."

Azakhali anakhala m'mphepete mwa bedi. Ulemu wonse umene anawapatsa mlongo wawo chikulire unathawa, anangoona kamwana kaja kamene ankakabereka.

"Iwe! Iwe, mwana iwe, wandinamiza ine? Mchere wachepa, tsabola, dzungu, zonse zija?"

"Zinali za Alonda. Ine ndimangopereka uthenga."

"Chifukwa chiyani? Ndinakulakwira chiyani ine?"

"Ndikanakuuzani, mukanatani? Mukanabwera chimanjamanja n'kukhala apa kumandiyang'ana ndi maso a maliro. Inu mukamalowa pakhomo paja ndi fulasiki m'manja mumayenda ngati munthu amene wanyamula moyo. Ine ndimafuna ndiziona zimenezo m'mawa uliwonse. Komanso fungo lija limandikwanira, achemwali. Ndikalimva ndimakhala ngati ndili kunyumba."

Azakhali analira. Analira ndi mkwiyo, analira ndi chisoni, osasamala kuti amuna onse a m'wodimo akuwaona. Kenako mwadzidzidzi anasiya, n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine, mwana uja! Ndakhala ndikumuuza kuti asabwere."

"Ndipo musamuuze," anatero Akalipentala msangamsanga, atawagwira dzanja. "Anavutika kuti apeze ntchito imene ija. Komanso adzandione chonchi, mafupa okhaokha? Iye akundikumbukira ndikusenza chitseko ndekha paphewa. Zikhale choncho."

"Zimenezo si zako wekha zoti ugamule. Anandituma ine kuti ndikhale maso ake, ndipo maso akewo wawathira mchenga ndiwe."

Anachotsa dzanja lawo n'kutuluka. Pakhonde anakumana ndi namwino uja, ndipo anamufunsa mosazungulira. Namwinoyo anazyolika. Anati wodwalayo anawaletsa kuuza munthu aliyense, ndipo iwo ankaganiza kuti Azakhali akudziwa kale, msuziwo akungobweretsa kuti mtima wa wodwala usagwe. Azakhali atafunsa kuti kwatsala nthawi yotani, namwinoyo anangoti, "Ngati pali wina wofunika kuwaona, aitanidwe lero, amayi."

Azakhali anaimba foni ataima pawindo loyang'ana kumene amayanika nsalu za chipatala. Mtsikana uja anayankha pakati pa phokoso la makina.

"Azakhali, ndili pantchito. Kwagwanji?"

"Bwera, mwanawe. Bwera msanga. Bambo ako sakudya. Sanadyepo chilowereni muno. Msuzi uja amapatsa munthu wina, ine osadziwa."



"Ndamva," anatero mtsikanayo, n'kudula.

Koma kuchoka kudziko la eni si kutuluka m'nyumba mwako. Akuluakulu a fakitale anayenera kuvomereza kaye, ndipo amene amavomerezayo anali atachokapo. Kenako malo m'basi, kenako ulendo weniweniwo, wautali, wodutsa malire. Azakhali analibe chochita koma kudikira, ndipo kudikira chimanjamanja sankakudziwa. M'mawa mwake anapezeka atayatsa mbaula monga mwa masiku onse, akuyengula thovu misozi ikugwera pamakala. Anathira tsabola wochulukirapo. Atafika m'wodi anadutsa kakabati ka mlongo wawo n'kukaika fulasiki pa ka Alonda.

"Ndinakunyozani dzulo, bambo. Pakamwa panga panathamanga. Imwani."

Alonda sanabisalenso m'bulangeti. Analandira ndi manja awiri, ndipo kapu yoyamba anaipereka kaye kwa mnzawo kuti anunkhize.

Akalipentala atabweza kapuyo anayang'ana mlongo wawo. "Mwamuuza eti?"

"Ndamuuza. Akubwera."

"Mutu wanu wouma ngati thabwa la mlombwa, achemwali." Anayang'ana kudenga. Kenako anadzisisita pachibwano. "Ndiye mubweretse lezala mawa, mundimete ndevuzi. Asadzandipeze ngati chigawenga. Ndi malaya anga abuluu aja, muwasite bwino."

Azakhali anawameta, kusamala kuti lezala lisadule khungu limene linali litafota. Malaya anawasita okha kuntchito, kolala ili nga, ndipo atawaveka akanakwanamo anthu awiri. Kuyambira pamenepo munthu amene ankati mwana asabwere uja maso ake sanachokenso pakhomo la wodi. Chitseko chikangolira ankadzutsa mutu. Akaona kuti ndi namwino kapena wokolopa, ankaubwezera papilo.

"Wafika pati?" ankafunsa.

"Wanyamuka, achimwene. Ali m'njira."

"Ndili ndi zoti ndimuuze. Zambiri."

"Ndiuzeni ine, ndikusungireni."

"Ayi. Ndi zake."

Mawuwo anayamba kuchepa mpaka Azakhali ankachita kuika khutu pamilomo. Kenako milomo inkangoyenda popanda chotuluka. Tsiku lotsatira maso anali otsekula koma sankatsatanso chitseko, ndipo Alonda atabweretsa kapu pafupi ndi mphuno yawo, nkhope sinasinthe. Mdalayo anaibweza kapuyo pakakabati, ndipo tsiku limenelo naye sanamwe.

Mtsikana uja anafika chakumadzulo, dzuwa likulowa pamawindo a wodi. Anachokera kudepoti molunjika, fumbi la ulendo lili m'tsitsi, chikwama chili paphewa. Azakhali anaimirira kuti amukumbatire, koma iye maso anali pabedi. Anaima kaye, ngati akufuna kufunsa ngati sanasochere bedi. Kenako anaponya chikwama pansi n'kugwada.

"Ababa. Ababa, ndine. Ndabwera."

Akalipentala ankapuma, pang'onopang'ono, mokoka. Maso anali kudenga.

Mtsikanayo anatenga dzanja lawo n'kuliika patsaya lake. Anawauza za ulendo, za basi imene inawonongeka panjira, za nsapato zimene anawasokera yekha ndi manja ake, zili m'chikwamamo. Ankalankhula n'kumaima, kusiya mpata woti ayankhe. Mpata uliwonse unkadutsa wopanda kanthu.

Patapita nthawi anatembenuka. Sanakweze mawu, ndipo Azakhali akanakonda akanawakalipira.

"Azakhali, anasiya liti kulankhula?"

"Dzana, mwanawe."

"Dzana." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Anandifunsa?"

"Tsiku lililonse. Anati ali ndi zoti akuuze."

"Zotani?"

"Anakana kundiuza. Anati ndi zako."

Mtsikanayo anayang'ana chikwama chili pansi chija, ndipo misozi inayamba kutsika.

"Chikwama ichi ndinalongedza tsiku lomwe anagonekedwa, Azakhali. Chinali kuseri kwa chitseko nthawi yonseyi. M'mawa uliwonse ndinkachidutsa popita kuntchito. Ndimangodikira inu kuti munene."

Azakhali mtima unawawawa kuposa tsiku lililonse la moyo wawo, ndipo anangoima pamenepo manja ali lende. Mtsikanayo anatembenukiranso kwa bambo ake, kuwakonza kolala ya malaya, n'kuweramira pafupi ndi khutu lawo.

"Ababa, nenani tsopano. Ndikumva."